Ulemu wa Kwathu Unatsala Pang'ono Kundiphera ku Peru

Nkhani iyi ndikaikamba pagulu ena amaseka, ati ndikuthira mchere, ati munthu angafike bwanji pakamwa pa imfa chifukwa cha tsache? Koma ndikukuuzani abale anga, Mulungu ndi mboni, palibe chimene ndawonjezerapo. Zinandichitikira ine mwini, mwana wa konkuno ku Liwonde, zaka zingapo zapitazo, ndipo wokayika abwere ndimuonetse zikalata za kuchipatala, kungoti adzafunika womuwerengera poti zili m'Chisipanishi. Maina sinditchula, eni ake sanandilole, koma zina zonse ndinena mmene zinakhalira, ngakhale zimene zimandichititsa manyazi.

Ine ndimagwira ntchito yolandira alendo paloji ina m'mbali mwa Shire, kumene anthu amabwera kudzaona njovu ndi mvuu. Chiyao ndi cha m'nyumba, Chichewa ndi cha pamsewu, Chingerezi ndi chodyera, ndipo zonsezo ndimazitha. Ndiye panafika nthawi ina tinayamba kulandira magulu a alendo olankhula Chisipanishi, anthu achikulire amene Chingerezi chawo chinkathera pa moni, moti munthu ankati akafuna madzi osamba ife n'kumupatsira tawulo wachiwiri, tonse n'kumangosekererana ngati zitsiru. Abwana athu anaona kuti izi zitithawitsira alendo, choncho anaganiza zotumiza munthu mmodzi kukaphunzira chilankhulocho miyezi itatu, ndipo poti pakamwa panga sipachedwa, mwayi unagwera ine. Sukulu anaipeza ku Peru, ku South America, mumzinda wotchedwa Cusco. Ndisaname, dzikolo ndinali ndisanalimvepo, ndinachita kulifufuza pafoni n'kuona kuti lili kuseri kwenikweni kwa dziko lapansi.

A sukuluwo anatitumizira chikalata cha malangizo a paulendo, masamba atatu. Munali zoti tibayitse katemera n'kusunga kakhadi kake kachikasu pamodzi ndi pasipoti, tipange fotokope ya pasipotiyo ndi ya pepala la inshuwalansi ya kuchipatala n'kumayenda nazo m'thumba, tisamwe madzi a pampopi osaphitsa, tizinyamula kapepala kolembapo adiresi ya nyumba imene tikukhala, ndiponso titenge zovala zofunda chifukwa kumeneko kumazizira. Zonsezi ndinazichita ngati mwana wa sukulu womvera. Ndinakwera minibasi mpaka ku Balaka kukasankha majuzi ndi jekete pa kaunjika, dzuwa likuswa mtengo, ogulitsa akundiyang'ana ngati mutu wanga wayamba kusokonekera.

Koma tsamba lachitatu ndinaliseka. Linkanena kuti mzindawo uli pamwamba kwambiri, kuposa nsonga ya phiri la Mulanje, ndipo mpweya wake ndi wopepuka, munthu amapuma koma thupi silikhuta. Ndiye ankati masiku atatu oyamba osagwira ntchito yolemetsa, kuyenda pang'onopang'ono, kumwa madzi ambiri, kudya zopepuka, ndipo mutu ukayamba kupweteka kapena ukamabanika, uza eni nyumba nthawi yomweyo. Ine mumtima ndinati awa alembera azungu, omwe aja amafiira nkhope akangoyenda kuchokera pabwato kufika kuchipinda. Ine amene ndakula ndikusenza ndowa kuchokera kumjigo, mtolo wa nkhuni pamutu mwana wa achemwali kumbuyo, ndikagonje ndi mpweya? Mpweya umene ngakhale nkhuku imapuma?

Ndisananyamuke ndinapita kumudzi, kufupi ndi Machinga Boma, kukatsanzika amayi anga. Atamva kuti sindikagona kuhotela koma m'nyumba ya munthu, anandikhazika pamphasa n'kundilanga ngati namwali. Anati ndisakawachititse manyazi kwa eni, mwana wamkazi dzuwa silimutulukira ali pabedi pakhomo pa anthu, mwininyumba akagwira tsache ndikamulande, akanyamula katundu ndikamulandire. Anandichitira duwa, pemphero lathu la Chisilamu, ine n'kulandira ndi manja awiri. Ndipo inu anzanga mukudziwa mmene timachitira kuno, sindikukamba zachilendo. Mlendo akagwira tsache mwininyumba amati iyayi, siyani, ndinu alendo, pumulani. Koma tayesani kusiyadi n'kukhala pansi, kodi simudzamva mbiri yanu kuchigayo kuti kwa auje kunabwera mlendo wa manja lende? Kukaniza kuja ndi ulemu, ndipo kukakamira kuja ndi ulemunso, aliyense amadziwa mbali yake. Pobwerera ndinadutsa pasitolo ya mankhwala n'kugula mankhwala a malungo, poti munthu wa m'chigwa cha Shire sayenda ulendo wautali wopanda amenewo.

Ulendo unali wa masiku awiri, kusintha ndege kangapo, mpaka ndinafika ku Lima, mzinda wa m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene ndinapuma bwinobwino ngati ndili kwathu. Kuchoka apo kandege kena kanatinyamula nthawi yochepa chabe n'kukatitula pamwamba pa mapiri. Ndikutsika masitepe a ndegeyo ndinamva mtima ukugunda ngati ndathamanga, koma ndinati ndi chisangalalo, nanga si ine uyu ndaponda South America?

Amene anandilandira kunyumba anali mayi wina wamasiye, msinkhu wa amayi anga, wamfupi, wa tsitsi loluka michira iwiri yaitali, ndipo ankayenda ndi ndodo chifukwa bondo linkawavuta. Nyumba yawo inali pamtunda, yofikako pokwera masitepe amiyala ambirimbiri pakati pa nyumba zina. Anandipatsa tiyi wa masamba ena amene anthu a kumeneko amamwa kuti mutu usavute, anandionetsa bedi la mabulangete anayi, kenako anaika manja awiri patsaya kusonyeza kugona n'kuimika zala zitatu. Ndinamva bwinobwino kuti akunena masiku atatu opuma. Masana ake kunabweranso aphunzitsi athu a kusukulu, mayi wodziwa Chingerezi, n'kubwereza zomwezo mawu ndi mawu. Choncho musati sindinamve chilankhulo, iyayi. Ndinamva, kungoti ndinamva ndi makutu a kwathu.

M'mawa mwake ndinadzuka kuswali, kupemphera kwa m'bandakucha, mutu ukuwawa ngati wina akukhomamo msomali, ndipo nditamaliza ndinafunafuna tsache n'kulipeza. Ndinasesa bwalo lonse, ndinatsuka mbale za dzulo ndi madzi ozizira olasa m'mafupa, ndinayamba kukolopa masitepe a m'nyumba. Mayi a nyumba potulukira anagwira kumutu, anafuula, anandithamangira ndi ndodo yawo n'kugwira tsachelo. Tinayamba kukanganirana, iwo akukoka ine ndikukoka, ine ndikuseka, mumtima ndikuti masewera awa ndimawadziwa, kani ngakhale kuno amachita chimodzimodzi. Iwo akamakaniza kwambiri ine ndinkati ndiye kuti ulemu wawo ndi waukulu, ndiye wanga upose pamenepo. Tsiku lachiwiri tsache analibisa. Ine liuma langa mumalidziwa amene munakula nane, ndinatenga chisanza n'kukolopa chogwada, ndikupumira pakhomo lililonse kuti befu athe, kenako n'kupitiriza.

Pofika tsiku lachitatu thupi linali litasintha. Chakudya sichinkalowa, nseru osatha, chizungulire ndikangoweramuka, thupi lofunda, ndiponso kachifuwa kouma kosaleka. Kodi munthu wa ku Liwonde akamva litsipa, nseru ndi kutentha thupi amaganiza chiyani? Ndinati basi, udzudzu wa ku Shire wandiperekeza mpaka kuno. Ndinatseka chitseko n'kuyamba kumwa mankhwala a malungo aja mobisa, ndikudziyamikira kuti ndinachita nzeru kuwatenga. Tsamba lachitatu lija silinabwere n'komwe m'mutu mwanga, poti ndinali nditagamula kale kuti si langa.

Mwina mukufunsa kuti nanga ndinabisiranji? Ndinkaopa. Ndinkaopa kuti akangomva kuti munthu wochokera ku Africa watentha thupi anditsekera kwandekha ngati wa matenda oopsa, kenako andikweza ndege. Ndinkaona m'maganizo anzanga a paloji, amene ankaufunanso mwayiwo, akundilandira ndi chiseko kuti wabwerako sabata isanathe, majuzi a ku Balaka asanade n'komwe. Ndinkaonanso kuti kudandaula pakhomo pa munthu amene wakupatsa mabulangete anayi ndi kupanda mwambo. Amayi anga ataimba foni ndinawauza kuti ndili bwino kwambiri, eni nyumba akundikonda, ndikugwira ntchito ngati mmene anandiuzira, iwo n'kunena kuti Alhamdulillah. Kusukulu, kumene tinkakaonekera m'mawa uliwonse, kunkabwera namwino ndi kachipangizo kopana chala, koyezera mpweya m'magazi, ndipo anzanga achizungu ankaima pamzere akudandaula ngati ana, wina mutu, wina tulo. Ine ndinkawayang'ana ndi diso lonyoza, ndipo nthawi yanga ikamayandikira ndinkazembera kuchimbudzi. Akuluakulu anati bisani matenda maliro tidzamva, koma mwambi umenewu ndinkauona ngati wa anthu ena.

Tsiku lachinayi linali Loweruka, ndipo mayi a nyumba ankapita kumsika. Anandiuza ndi manja kuti nditsale ndigone, koma potuluka pachipata anandipeza ndavala kale jekete ndanyamula dengu lawo. Kutsika kunali kosavuta. Kumsika anagula mbatatesi za mitundumitundu, zina zofiirira zina zakuda, chimanga cha maso akuluakulu ngati zala, anyezi ndi nyemba, dengu mpaka kudzaza. Atamaliza anakweza ndodo kuimitsa takisi yoti itizungulitse mpaka kufupi ndi nyumba, koma ine ndinati takisi ya chiyani ine ndilipo? Ndinavula mpango wa m'khosi, ndinapinda nkhata, ndinadzitwika dengu lija n'kuuyamba wa kumasitepe. Anthu a kumeneko amabereka katundu kumsana, sasenza pamutu, ndiye msika wonse unatembenuka, ena akuloza, ena akujambula ndi mafoni, ine n'kusiya manja onse awiri kuti aone bwino mmene timachitira ku Machinga. Mayiwo ankandiitana m'mbuyo, ine ndikungoti ulemu uja wayambanso.

Sindinakwere patali. Poyamba ndinangomva kuti ndikupuma koma mpweya sukufika, ngati wina wandiphimba kumaso ndi nsalu yonyowa. Ndinaima, ndinakoka mpweya ndi pakamwa ponse, koma m'chifuwa munkamveka kuwira, kulira kwa madzi enieni, ndipo ndikakoka wina umangothera pakhosi. Ndinakwera sitepe ina, kenako ina, maso akuchita mdima m'mbali, makutu akulira. Chimene chinayamba kundiopsa n'chakuti mayi aja, nkhalamba ya bondo lodwala yoyenda ndi ndodo, anandipeza, anandipitirira, n'kuima patsogolo panga akundiyang'ana kumaso. Kenako kunabwera chifuwa chachikulu chimene chinandipinda pakati, ndipo nditachotsa dzanja pakamwa ndinaona thovu, thovu lofiirira losakanikirana ndi magazi. Zikhadabo zanga zinali zotuwa ngati phulusa.

Ndinagwada pamwala, koma dzanja limodzi linali likadagwirabe dengu pamutu. Mayiwo analikankha ndi ndodo, dengu linagwa, mbatatesi zinayamba kugubuduka kutsika masitepe onse aja. Ndipo tamverani uchitsiru wa munthu, ine amene mpweya unali kundithera ndinayamba kukwawa kuti nditole mbatatesi za eni. Apo mayiwo anataya ndodo, anandigwira masaya ndi manja awiri n'kundikalipira ndi mawu amene sindinkawadziwa, koma nkhope yawo inali yonyowa ndi misozi, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti masiku onse aja sankachita masewera a ulemu. Anafuula, azimayi a kumsika anathamanga, anandinyamula anayi, wina miyendo wina mapewa, kutsika nane mpaka pamsewu.

Za m'takisi muja sindidzaziiwala mpaka tsiku langa lenileni. Ndinagona mutu uli pamiyendo ya mayiwo, dalaivala akuliza hutala osalekeza, ine ndikutsegula pakamwa ngati nsomba yoponyedwa m'bwato. Ndinadziwa kuti ndikufa, ndipo ndinachita mantha amene sindinawamvepo. Ndinaganiza kuti adzandisambitsa ndani kuno, sanda adzaipeza kuti, mzikiti uli kuti m'dziko la matchalitchi okhaokha ili? Ndinaganiza amayi anga akulandira foni ya chilankhulo chosamveka, dzulo lake lomwe nditawauza kuti ndili bwino kwambiri. Ndinayesa kunena shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro chathu amene ndawanena kuyambira ndili wamng'ono osaganizira n'komwe, koma mpweya sunakwane kufika nawo kumapeto, ndinkayamba n'kudukiza, kuyambanso n'kudukiza. Mayiwo anali atatulutsa korona yawo akupemphera mofulumira, dzanja lina likundisisita pachipumi.

Kuchipatala anandithamangitsira pabedi lamatayala n'kundiphimba pakamwa ndi mphuno ndi chopumira cha okosijeni. Abale anga, ndadyapo zokoma pamoyo wanga, koma palibe chimene chinandikomera ngati mpweya umene unatuluka m'chipangizo chimenecho. Pang'onopang'ono mdima wa m'maso unayamba kuchoka. Namwino anapisa m'thumba la jekete yanga n'kupeza fotokope ya pasipoti, pepala la inshuwalansi ndi kapepala ka adiresi kamene kanalinso ndi nambala ya sukulu, moti sipanakhale kufunsafunsa kapena kuchedwa, anangoimbira aphunzitsi aja n'kubwera kudzamasulira. Malangizo amene ndinawamvera anandigwirira ntchito tsiku limenelo, amene ndinawaseka ndi amene anandigoneka pamenepo.

Adokotala anandiyeza magazi n'kupeza kuti malungo mulibe ngakhale pang'ono. Anajambula chifuwa n'kundionetsa kuti m'mapapo mwalowa madzi, ati ndi matenda a kumtunda, amene amagwira munthu wochokera kunsi akakwera msangamsanga n'kumadzilemetsa thupi lisanazolowere. Anafunsa kuti zinayamba liti, ndipo poti manyazi anali atandithera pamasitepe paja, ndinaulula zonse, tsache, chisanza, dengu, kuthawa kachipangizo ka pachala, mpaka mankhwala a malungo. Anapukusa mutu n'kunena, kudzera mwa aphunzitsi, kuti ndikananena tsiku loyamba akanangondipatsa timapiritsi n'kundigoneka, ndipo ndikanati ndafika kunyumba tsiku limenelo n'kudzitsekera m'chipinda ngati mmene ndinkachitira, bwenzi tikukamba zina. Anatinso matendawa saona mphamvu za munthu, ndipo kawirikawiri amene amafika povuta ndi anthu amphamvu omwe, chifukwa ndi amene sakhala pansi.

Mayi a nyumba anali panja pabenchi tsiku lonse, osadya. Atawalola kulowa anakhala m'mbali mwa bedi akulira, ndipo aphunzitsi anandiuza kuti akudziimba mlandu, ati mwina anandilandira moipa, mwina ndinkaganiza kuti ndiyenera kugwira ntchito kuti ndidye pakhomo pawo. Mtima unandipweteka kuposa chifuwa. Ndinachotsa chopumira pang'ono n'kupempha aphunzitsi awafotokozere mwambo wa kwathu, kuti ife mwininyumba akati siyani timamva kuti pitirizani, ndipo zonse ndinkachita zinali zowalemekeza ngati amayi anga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka misozi ili m'masaya, n'kunena kuti kwawoko akati khala pansi ndiye kuti khala pansi, chifukwa iwo anabadwira pamapiri amenewo ndipo aonapo alendo akutsitsidwa pamachira. Anati tsache lija analibisa ngati mmene munthu amabisira mpeni mwana akamakwawa.

Patatha masiku angapo adokotala anati moyo wanga wapulumuka koma ndiyenera kutsika kumtundako kuti mapapo apole. Apo ndinalira, ndinati basi, ulendo wathera pompa, ndikafika kwathu ndi mawu asanu a Chisipanishi ndi mbiri yoti ndinakomoka ndi mbatatesi. Koma mayi a nyumba anafunsa adokotala ngati chigwa china cha kufupi chingakwanire, kumene kunkakhala mng'ono wawo, malo otsikirapo ndi ofundirapo. Adokotala anavomera, ndipo mawa lake mayiwo anatseka nyumba yawo n'kunditengera kumeneko iwo eni, munthu amene anali atangondidziwa sabata imodzi.

Kuchigwako ndinakhalako masabata atatu. Kunali minda ya chimanga, mtsinje, nkhuku zoyendayenda pabwalo, moti ukatseka maso umatha kuganiza kuti uli cha ku Phalula, kungoti mapiri ake ndi aatali mochititsa mantha. Anandiikira mpando padzuwa, bulangete pamiyendo, ndipo ntchito yokha imene anandilola inali kusenda nyemba nditakhala. Ndikangoti ndidzuke, azimayi awiri aja ankatembenuka nthawi imodzi n'kuloza mpando, ine n'kubwerera ngati mwana wolakwa. Ndipo taonani zodabwitsa, Chisipanishi ndinachiphunzira pampando pamenepo. Poti ndinalibe kothawira, ndinkamvetsera miseche yawo tsiku lonse, za mpongozi waulesi, za mtengo wa feteleza, za wansembe watsopano, ndikufunsa kuti ichi n'chiyani, icho n'chiyani, iwo akundiseka ndikapotoza lilime. Aphunzitsi ankandiimbira foni masana kundipatsa phunziro, ndipo ankadabwa kuti mawu ena ndawatenga kuti, ena mwa iwo osayenera kunenedwa m'kalasi.

Ndili komweko ndinalimba mtima n'kuimbira amayi anga kuwauza zoona zonse. Ndinkayembekezera kuti andikalipira chifukwa cha bodza, kapena anena kuti ndinachita bwino kusawachititsa manyazi. Koma ndinangomva akufwenthera. Anati iwo anandiphunzitsa kugwira ntchito kwa eni kuti eniwo azindisunga bwino, osati kuti akandiike m'manda, ndipo akanadziwa za mapiri amenewo akanandilamula okha kuti ndigone ngati mlesi. Kenako anati ndipereke foni kwa mayi amene anandipulumutsawo. Ndinawauza kuti sadzamvana, iwo anati ndisawaphunzitse. Ndiye azimayi awiri aja analankhulana nthawi ndithu, wina m'Chiyao wina m'Chisipanishi, wina akamaliza mnzake n'kuyankha, onse akulira, ndipo nditafuna kuthandiza kumasulira mayi a nyumba anandikankha dzanja.

Nditachira tinakweranso kumzinda kuja, ulendo uno pagalimoto, pang'onopang'ono. Masiku atatu oyamba ndinakhala phee ngati mkwatibwi, madzi m'manja, chala ndikuchipereka ndekha kwa namwino m'mawa uliwonse. Tsiku lachinayi mayiwo anatulutsa tsache kumene analibisa n'kundipatsa ndi manja awiri, koma anandilozera kakhonde kokha. Sukulu ndinamaliza bwino, ndinabwera ndi satifiketi, ndipo lero alendo a Chisipanishi akafika paloji amadabwa kumva mzimayi wa mpango kumutu akuwalandira m'chilankhulo chawo, ena amati ndimalankhula ngati agogo a kumapiri. Akafika mwezi wotentha n'kumafuna kuyenda pansi masana dzuwa lili paliwombo, ndimawakhazika pamthunzi ndi botolo la madzi, ndipo wamakani ndimamukambira nkhani yomweyi.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti Mulungu anandibweza pakhomo pa imfa kudzera m'manja mwa mayi wa korona amene sitinkapemphera mofanana, ndipo anthu abwino ali paliponse, kuposa mmene timaopera tikamanyamuka. Ndimakhulupiriranso kuti dziko lililonse lili ndi matenda ake, ndipo amene amawadziwa ndi eni dziko. Ife timadziwa malungo ndi ng'ona, iwo amadziwa mapiri awo. Mwambo wa kwathu sindinautaye ndipo sindidzautaya, ndikapita kwa apongozi tsache ndimalanda mpaka lero, koma ndinaphunzira kuti mwambo umafunika kufunsa kaye kuti kuno kuli bwanji.

Ndiye inu achinyamata a kuno amene mwayi wa sukulu ukukutsegukirani, kaya ndi ku Peru kaya ndi dziko lina la kumeneko, pitani, musaope, kuli zambiri zokoma zoti mukaone ndi kuphunzira. Koma chikalata cha malangizo muwerenge mpaka tsamba lomaliza, ndipo musasankhe kuti ili ndi langa ili ndi la azungu. Mutu ukakupwetekani musathamangire mankhwala a malungo kuseri kwa chitseko, nenani, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndipo mwininyumba akakuuzani kuti khalani pansi, chonde khalani pansi, ngakhale manja akuyabweni bwanji. Akakutchani waulesi mudzadziyeretsa sabata yamawa mukazolowera, koma manda a kutsidya kwa nyanja amayi anu sangakwanitse kukawaona ngakhale kamodzi.